Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Mapanga Asanu

Zikomo nonse amene munandilembera gawo lapita lija litatuluka, makamaka mayi a ku Moatize aja amene anati misozi inawatsika atawerenga za ng'ombe ziwiri zimene amayi anagulitsa. Inu amene mukufunsa za amalume, dekhani, lero tifika pomwepo.

Mukukumbukira kuti licenciatura yanga, digiri yoyamba ija, inali ya chitukuko cha kumidzi. Lolemba tili kumunda kuyeza nthaka, Lachiwiri zachuma, Lachitatu estatística (phunziro la ziwerengero), kwinaku malamulo a malo ndi chikhalidwe cha anthu. Anzanga a zaulimi ku UniZambeze ku Ulongwe ankadziwa chimene adzakhale. A ku Politécnico ya ku Tete maso anali ku migodi ya malasha. Ine munthu akandifunsa, ndinkangokanda m'mutu.

Amalume anandimaliza pamaliro a agogo ku Domwe. Unali usiku, pasiwa, azibambo titazungulira moto. Anandiitana mwaulemu ndithu: "Mphwanga, tauzani anthuwa, mukuphunzira udokotala kapena uphunzitsi?" Ndinayamba kufotokoza, koma sindinafike patali. Anatembenukira kumene kunakhala azimayi n'kukweza mawu: "Mlongo wanga, mapanga awiri avumbwitsa. Uyu ali nawo asanu. Ng'ombe zija zinapita ndi madzi."

Anthu anaseka. Pamaliro, anaseka. Amayi sanayankhe, anangokokera chitenje kumaso ngati akulira agogo, koma ine ndinadziwa chimene ankalira. Ndinakhala pachitsa paja mpaka tambala woyamba, utsi ukundilowa m'maso, ndikuwerengera mumtima kuti ng'ombe zija zikanakhala zitabereka kangati. Kutacha ndinakumba nawo manda, ndipo palibe amene ndinamuyang'ana kumaso.

Zaka zitatu zinadutsa. Monografia (kafukufuku wolemba pomaliza digiri), defesa (kuikira kumbuyo kafukufukuyo pamaso pa aphunzitsi), kenako basi ya ku Maputo, kukayamba mestrado, digiri yachiwiri, ku Universidade Eduardo Mondlane.

Ndisakunamizeni, penapake amalume ananena zoona. Miyezi yoyamba econometria, masamu oyezera zachuma, inandigoneka ndi njala ya tulo, chifukwa anzanga anaisambira zaka zinayi pamene ine ndinangoviikamo chala. Ndinabwereka mabuku a chaka chachiwiri, munthu wa mestrado, manyazi nditawaika m'thumba.

Zinthu zinatembenuka pa kafukufuku. Funso langa linali la kwathu: alimi a mbatatesi a ku Angónia ndi Tsangano amakolola matumba ambirimbiri, nanga ndalama imathawira kuti? Mnzanga wa zaulimi anati vuto ndi chiwawu ndi mbewu yotopa. Wa zachuma anati ndi mitengo basi. Aliyense anagwira mwendo umodzi wa nyama.

Chiwawu chimakondadi kuzizira ndi chinyezi cha kumapiri kwathu, choncho mlimi amafuna mankhwala ndi feteleza nthawi imene alibe ndalama. Kubanki sangapereke munda ngati chikole, pakuti lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, mlimi ali ndi ufulu wongoigwiritsa ntchito, uja timati DUAT. Ndiye amakongola kwa wogula, n'kudzagulitsa pa mtengo wa wogulayo. Chakumalire ku Calómuè muwonjezepo kuvina kwa metical ndi kwacha. Ndipo m'midzi ya chikamwini, bambo amene akukuyankha mafunso mwina si mwini munda. Ufunse mayi, ufunsenso malume wake. Ukapanda kudziwa zimenezi, ziwerengero zako zonse ndi zabodza ngakhale kompyuta itazikonza bwanji.

Amene munalemba kuti ndikanangophunzira chinthu chimodzi ndikanapeza ntchito msanga, mwina n'zoona. Koma mapanga asanu aja ndiwo anandiphunzitsa kumva chilankhulo cha aliyense pa tebulo, ndi kudziwa funso loti ndipite nalo kwa ndani.

Tsono chaka chatha foni inalira. Amalume. Munthu wina wabwera ndi mapepala, akuti dimba lawo la kudambo ndi lake. Mawu anali atatsika: "Mphwanga, paja inu munaphunzirako za malo?" Ndinawauza kuti lamulo limazindikira malo a makolo, komanso munthu amene walima pamalo zaka 10 mokhulupirika, ngakhale alibe pepala, ndipo umboni wa anthu a m'mudzi umamveka. Anathokoza kawiri.

Za pasiwa paja sanazitchule. Inenso sindinazitchule, koma amayi anali pambali panga, ndipo zimene ananena foni itadulidwa ndikuuzani m'gawo 10.