Palmyra pa pepala la 1753

Abale inu, ndangoona kumene chithunzi chakalekale cha mzinda wa Palmyra ku Syria, cha 1753, zija ankayamba azokota pa mkuwa kenako n'kudinda pa pepala. Zipilala zili ndandanda m'chipululu, kachisi wa mulungu wawo Bel ali chilili, anthu pansi pake ngati nyerere.

Mtima wandiwawa zedi. Kachisi ameneyu anampatula chaka cha 32 AD, anapirira nkhondo ya Mfumukazi Zenobia wa ku Palmyra ndi Aroma mu 272, mphepo ndi mchenga zaka pafupifupi 2000, koma mu Ogasiti 2015 zigawenga za ISIS zinangomuphulitsa ndi mabomba kutsala chipata chokha basi, ndipo mwezi womwewo zinaphanso agogo Khaled al-Asaad amene anasamala mabwinjawa zaka 40.

Ndayang'anitsitsa pepalali mpaka tiyi wanga wazizira.