Dimba la m'matumba: mmene zayendera mwezi wa October

Repu wa m'matumba oyamba aja tayamba kudya. Masamba ake si aakulu ngati a ku Soweto Market, msika waukulu wa mu Lusaka, koma ndi ofewa, ndipo ndimathyola ndili chikhalire pampando. Chibwabwa chayanga n'kutsika patebulo mpaka pansi. Tomato yekha ndiye wandigwiritsa mwala.

Kwa inu amene simunawerengepo zolemba zangazi: ndimakhala ku Kaunda Square mu Lusaka, ndipo ndili ndi matenda ofooketsa minofu otchedwa Becker muscular dystrophy. Thupi langa silipanga bwino puloteni yotchedwa dystrophin, imene imateteza minofu ikamagwira ntchito, ndiye minofuyo imatha pang'onopang'ono. Zimayambira m'chiuno ndi m'ntchafu. Akatumba anga a kumiyendo ndi aakulu ngati a wosewera mpira, koma mphamvu mulibe. Kugwada pansi ndimatha. Kudzuka ndiye nkhani: ndimayamba ndagwira mawondo, kenako ntchafu, n'kumadzikankha ndi manja mpaka nditawongoka. Khasu ndinalisiya pachifukwa chimenechi.

Choncho dimba ndi limene linakwera kudzandipeza. Alamu anakhoma tebulo lalifupi ndi matabwa a mapaleti, lofika m'mawondo. Matumba a ufa a 25kg tinawapinda pakati, kuwaboola pansi, n'kuthiramo dothi losakaniza ndi manyowa a nkhuku owolerana. Ndikakhala pampando, dothilo limandifika pachigongono. Manja anga akadali ndi mphamvu, ndiye kuwokera, kupalira ndi kusadzula ndimachita ndekha popanda woitana.

Chatsopano mwezi uno ndi madzi. Chigubu cha malita 20 sindingachinyamule, ndipo kutentha kwa October kumaumitsa thumba dzuwa lisanafike pamutu. Taika diramu pamwamba pa mabuloko, madzi amatsika okha m'paipi. M'thumba lililonse ndakwiriramo botolo la pulasitiki la malita awiri lobooledwa ndi singano yotentha m'munsi mwake. Ndimadzaza m'mawa, madzi amadontha tsiku lonse pamizu penipeni. Pamwamba ndayala udzu wouma. Repu wasiya kufota masana.

Za tomato. Masamba anayamba kuoneka ndi timizere toyera m'kati, kenako zipatso zinabooka pafupi ndi phesi. Ndi kambozi kaja ka Tuta absoluta, kamene kanalowa m'Zambia mu 2016 n'kusautsa alimi a tomato. Kamadya m'kati mwa tsamba, ndiye madzi a sopo amene ndimathana nawo nsabwe za repu sakakhudza. Ndathothola masamba odwala n'kuwatentha. Mitengo imene inagwidwa kwambiri ndazula, m'malo mwake ndabzala anyezi.

Dzulo a neba anaima pampanda akundiona ndikupuma. Anati, "Achimwene, mukanamanyamulako zitsulo miyendoyo ikanalimba. Kukhala pansiku ndiye kukufooketsani." Amanena ndi mtima wabwino, ndipo anthu ambiri amaganiza choncho. Koma minofu ya munthu wabwinobwino ikapanikizidwa imachira n'kukula, pomwe yanga ikapanikizidwa kwambiri imawonongeka. Kungokhala osachita kanthu nakonso n'koipa, mfundo zimauma. A fiziyo, akatswiri a kuchipatala ophunzitsa zolimbitsa thupi, anandiuza kuti ndizigwira ntchito yopepuka, ndiziwongola akatumba tsiku lililonse kuti chidendene chizifika pansi, ndipo ndizisiya ndisanatope. Muyeso wanga ndi tsiku lotsatira: ndikadzuka ntchafu zikuwawa kapena masitepe a pakhomo akundikanika kuposa masiku onse, ndiye kuti dzulo lake ndinapyola malire. Mkodzo ukada n'kukhala wofiirira pambuyo pa ntchito, si nkhani yodikira nayo. Ndi chizindikiro choti minofu yaphwanyika, ndipo zotulukamo zimatha kuvulaza impso. Pamenepo n'kuthamangira kuchipatala.

N'chifukwa chake ntchito ya kudimba ndimaigwira m'mamawa kusanatenthe, pang'ono chabe, kenako basi, ngakhale udzu ukundiyang'ana.

Sabata yatha ndinali ku chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH) kukaunikitsa mtima. Dystrophin imafunikanso mu mnofu wa mtima, ndipo kwa ife a Becker mtima umatha kufooka munthu akuyendabe ndi miyendo yake, osamva kalikonse. Mankhwala ochiziratu matendawa kulibe, koma othandiza mtima alipo ngati vuto laoneka msanga. Ulendo uno wapezeka uli bwino.

Wonditengera manyowa ndi mwana wamwamuna wa mlongo wanga. Matendawa amayenda pa chromosome X (kanthu ka m'maselo konyamula zimene timatengera kwa makolo), amadutsira mwa amayi, ndipo odwala kawirikawiri ndi amuna, ndiye mlongo wangayo ankada nkhawa akamuona akupunthwa posewera. Anakamuyeza magazi, kuyeza kwa CK kumene kumaonetsa ngati minofu ikuwonongeka, zotsatira zinatuluka zabwino. Panopa amakankha wilibala mothamanga mpaka kutaya theka la manyowa panjira.

Mvula ili pafupi, ndipo chimene chikundidetsa nkhawa si mbewu koma njira. Dothi la kuseri kwa nyumba likanyowa limaterera, ndipo ine kugwa kumodzi kukhoza kundigoneka milungu, minofu n'kufookeratu. Alamu alonjeza kuyala timiyala kuchokera pakhomo mpaka patebulo ndi kuzika chitsulo chogwirira m'mbali. Matumba tiwonjezera mabowo kuti madzi asamadikhe. Mbewu ya therere ndagula kale, ndibzala mvula yoyamba ikangogwa.