Agogo ananena kuti ali bwino

Ndimagwira ntchito ya unamwino mu wodi ya amuna ochitidwa opaleshoni kuno ku Harare, ndipo sabata yatha usiku ndinkasamalira agogo ena a ku Mufakose, dera lina la mumzindawu, amene makolo awo anachokera ku Dedza, atangochitidwa opaleshoni ya m'mimba. Nditawafunsa kuti, "Agogo, mukupeza bwanji?" anayankha kuti, "Ndili bwino, mwana wanga," monga amayankhira akuluakulu ambiri akwathu amene safuna kuvutitsa munthu.

Yankholo silinandikhutiritse. Mtima wa munthu wamkulu amene akupumula umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, koma wawo unali pa 118, ndipo ankapuma ka 24 pa mphindi pamene zoyenera ndi 12 mpaka 20. Manja awo anali ozizira, ndipo mkodzo m'thumba la katheta (kapaipi kotulutsira mkodzo) unali wochepa, sunkakwana mamililita 30 pa ola. BP (mphamvu imene magazi amayendera m'mitsempha) yokha ndiyo inkaoneka yabwino, ndipo apa ndi pamene ndimadera nkhawa anamwino atsopano, chifukwa munthu akamataya magazi m'kati, thupi limafinya mitsempha ndi kufulumizitsa mtima, kotero kuti BP imatsika mochedwa, zinthu zitaipa kale.

Ndinaitana dokotala n'kumufotokozera mmene manambalawo anasinthira m'maola atatu, osati a nthawi imeneyo okha. Tinaika diripi yachiwiri, tinatumiza magazi kukayezetsa, ndipo agogowo anabwerera ku thiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, kumene anapeza mtsempha umene unkatulutsa magazi. M'mawa anadzuka akufunsa za adzukulu awo.