Zikomo a There is Hope, m'malo mwa ife a ku Dowa

Ndikufuna kuthokoza a bungwe la There is Hope ku msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, makamaka aphunzitsi a zosoka ndi ukalipentala. Anzathu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda akhala pamsasa umenewu kuyambira 1994, ndipo saloledwa kukagwira ntchito kunja. Mu 2023 ambiri amene anali ndi timaokala m'matauni boma lidawabwezera kumsasa, mpamba n'kuthera panjira.

Inu simunasankhe. Mudaika othawa kwawo ndi ana a m'midzi yozungulira m'kalasi imodzi. Mchemwali wanga adaphunzira kusoka atakhala moyandikana ndi mayi wina wa ku Congo, makina awiri pawindo limodzi, wina Chichewa wina Chiswahili, kumvana ndi tepi yoyezera ndi choko. Mayi ameneyo ndi amene adamuonetsa kadulidwe ka diresi la chitenje kosataya nsalu. Lero mchemwaliyo amasoka mayunifolomu pakhonde, fizi ya ana ikutuluka pamenepo.

Bambo Innocent Magambi, amene mudayambitsa bungweli mutalawa nokha moyo wa kumsasa, landirani ulemu wathu. Nanunso ogula zikwama za Kibébé, bizinesi ya zosoka yothandiza othawa kwawo ku Dzaleka, amayi osokawo ndalama yanu amaiona. Ambuye akudalitseni nonse.