Momwe ndinaikira mlonda wa fail2ban pa seva yathu

Seva yosunga mabuku a kopaletivi yathu ya alimi a soya ndi mtedza kuno ku Kasungu imayendera Ubuntu. Mukatsegula /var/log/auth.log, log yomwe seva imalembamo aliyense woyesa kulowa, mumapeza mizere yambirimbiri ya "Failed password for root" (root ndi akaunti yolamulira seva yonse), usana ndi usiku womwe. Amenewa si anthu ayi, ndi mapulogalamu ongoyendayenda pa intaneti, kugogoda pa port 22 ya SSH, khomo lolowera mu seva muli kutali, n'kumayesa mapasiwedi. Kutseka adiresi imodzimodzi pamanja n'kutunga madzi ndi dengu, ndiye ndinaika fail2ban. Iyo imawerenga ma log, ikaona adiresi ya IP yalephera kulowa kangapo, imauza firewall, pulogalamu yolola kapena kukaniza zofika pa seva, kaya iptables kapena nftables, kuti iitsekere.

Ndinayamba ndi sudo apt install fail2ban. Fayilo ya jail.conf sindinaikhudze, chifukwa ikabwera pulogalamu yatsopano zolemba zanu zingathe kufufutika. Ndinapanga yangayanga, /etc/fail2ban/jail.local, ndipo pansi pa [sshd] ndinalemba enabled = true, maxretry = 5, findtime = 10m, bantime = 1h. Ndiye kuti wolephera kasanu m'mphindi 10 akhala panja kwa ola limodzi.

Pa bantime ndi pamene ndinakhala pansi n'kuganiza. Ena amati ikani -1, adiresiyo itsekedwe mpaka kalekale. Kwathu kuno ine ndikukana. Ambirife timagwiritsa ntchito bando ya pafoni, ndipo makampani a foni amagawira anthu ochuluka adiresi imodzi, yomwenso imasinthasintha. Adiresi imene lero ili ndi foni yolowedwa vayirasi, mawa ikhoza kugwera mnzanga amene amandithandiza ali ku Santhe, n'kupezeka watsekeredwa popanda chimene walakwa, pomwe alimi akudikira malisiti awo. Pa chifukwa chomwechi, mu ignoreip, mndandanda wa maadiresi osayenera kutsekedwa, ndinaikamo 127.0.0.1/8 (ya seva yomweyo) ndi adiresi yokhazikika ya ku ofesi basi. Ya pafoni yanga ayi, poti si ya ine ndekha.

Nanga osamva aja obwererabe ola likatha? Ndinayatsa [recidive], yomwe imawerenga /var/log/fail2ban.log n'kutseka kwa sabata yathunthu adiresi yogwidwa mobwerezabwereza tsiku limodzi.

Ndisanalembe sudo systemctl restart fail2ban, ndinasiya windo ina ya SSH yotsegula, kuti china chikalakwika ndikhale ndi polowera. Kenako sudo fail2ban-client status sshd inandionetsa "Currently banned" ndi mndandanda wa maadiresi pansi pake. Mnzanu akadzitsekera, mumamumasula ndi sudo fail2ban-client set sshd unbanip, n'kulemba adiresi yakeyo kumapeto kwake.

Fail2ban imangochepetsa ogogoda, siteteza pasiwedi yofooka kwa amene akuyesa pang'onopang'ono kuchokera ku maadiresi ambiri. Choncho ine ndi mnzanga uja titapanga ndi ssh-keygen makiyi olowera popanda pasiwedi n'kuwayesa, ndinalemba PasswordAuthentication no ndi PermitRootLogin no mu /etc/ssh/sshd_config, n'kuyambitsanso ssh.