Wailesi ndaitseka, koma achinyamata musawanyoze

Masiku ano nkhani za pa wailesi sindikumveranso. Ikangokwana nthawi yake madzulo ndimatseka n'kukakhala pakhonde. Mtengo wa feteleza, mafuta kusowa, andale kutukwanana pamsonkhano... BP yanga sikufunanso zimenezo, ndakula ine.

Koma anzanga a pabawo anandikwiyitsa dzulo. Akuti ana amasiku ano ndi aulesi, za dziko sizikuwakhudza, ntchito kungoweramira foni. Ndinati akuluakulu, mwaiwala msanga bwanji? Mu 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata ija yodzudzula boma la Kamuzu, amene anaguba mumsewu ku Zomba anali ophunzira a ku Chancellor College, ndipo makolo athu ankati ndi ana opanda mwambo. Pa referendamu ya mu 1993 tinavotera nyali ya matipate, tambala wakuda wa chipani chimodzi n'kumusiya, agogo akudandaula kuti dziko latha.

Nanga pa zionetsero za 2019, amene ankapuma utsi wokhetsa misozi anali ndani? Sitinali ife aimvife ayi.

Mwana wanga wotsiriza ali ndi digiri koma akugulitsa kaunjika. Nkhani amazidziwa kuposa ine, ndipo amandiwerengera za pa WhatsApp ndili pa nsima, osamupempha n'komwe. Ndamuuza kuti azingondiuza za mpira basi.