Bandulo inatha ndisanatumize mtengo

Mu 2017 ndinalembetsa domain, kapena kuti dzina la webusayiti pa intaneti, ya kabizinesi ka mayi anga aang'ono kogulitsa uchi wa ku Ntchisi. Ndi mawu a Chichewa a zilembo zisanu, kumapeto .com. Sindiwatchula pano chifukwa nkhani yake ikadali m'madzi. Webusayiti ndinapanga ndekha, mabotolo ndinajambula ndi foni pakhonde. Uchi unayenda zaka zitatu, kenako mayi anayamba kuvutika miyendo, ming'oma inasowa woisamala. Ine ndinkangolipirabe chaka ndi chaka kuti dzinalo lisathe.

Mwezi watha kunabwera imelo ya Chingerezi chosalala. Wolembayo anati akuimira kampani ina yaikulu ya kunja, yomwe ili ndi katundu wa dzina lofanana ndi lathu, ngakhale kwawoko silitanthauza kanthu. Funso linali limodzi: mungagulitse pa mtengo wanji?

Msuweni wanga anachita kudumpha pampando. "Aise, auze madola 50,000, amenewo ndalama amasesa ndi tsache!" Ndinalembadi nambalayo. Nditadina kuti ipite, inakana. Bandulo inali itatha.

M'mawa ndinaimbira mnzanga amene tinaphunzira limodzi, pano ndi loya ku Blantyre. Sanandilole n'komwe kumaliza. "Achimwene, fufutani. Nambala imeneyo ikhoza kudzakhala umboni wokupachikani."

Zimene anandifotokozera, ndi zomwe ndinadzawerenga ndekha, ndi izi. Aliyense wolembetsa .com, kaya ali ku Area 25 kaya ku London, amavomera malamulo othetsera mikangano ya ma domain otchedwa UDRP, amene bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti la ICANN linakhazikitsa mu 1999. Timawavomera pa kabokosi kaja timangochonga osawerenga. Kampani ikafuna dzina lako siifunika kubwera kukhoti la kuno. Imakadandaula ku mabungwe oweruza mikangano yotere onga WIPO ya ku Geneva, kulipira madola 1,500, iwe n'kupatsidwa masiku 20 oti uyankhe. Iyenera kusonyeza zinthu zitatu: kuti dzinalo likufanana ndi chizindikiro chake cha malonda, kuti iwe ulibe chifukwa chomveka chokhalira nalo, ndiponso kuti unalilembetsa n'kumaligwiritsa ntchito ndi mtima wachinyengo. Ndiye pa zitsanzo za chinyengocho, choyambirira penipeni n'chakuti unatenga dzina n'cholinga chodzaligulitsa kwa mwini chizindikiro pa mtengo woposa zomwe unawononga. Mwaona pamene madola 50,000 anga akanagwera?

Zinamuchitikira Mike Rowe, mnyamata wa zaka 17 wa ku Canada. Mu 2003 analembetsa mikerowesoft.com, kuseweretsa dzina lake lenileni kuti limveke ngati Microsoft. Maloya a Microsoft anamuuza kuti alipereke, amubwezera madola 10. Mnyamatayo zinamupweteka, nayankha kuti akufuna madola 10,000. Chomwe analandira ndi chikalata cha masamba 25 chomunena kuti cholinga chake kuyambira pachiyambi chinali kufinya kampaniyo. Anapulumukira manyuzipepala, chifukwa dziko lonse linaseka Microsoft, mpaka mu Januwale 2004 anagwirizana, iye n'kupatsidwa makina osewerera magemu a Xbox ndi timphatso tina. Ine wa uchi wa ku Ntchisi, ndi mtolankhani uti wa ku America angandilembe?

Amene anandisowetsa tulo ndi Uzi Nissan. Nissan linali dzina la makolo ake, ankachita bizinesi ya makompyuta ku North Carolina, ndipo nissan.com analembetsa mu 1994. Kampani ya magalimoto inamusumira mu 1999 ikufuna madola 10 miliyoni. Mlandu unakoka zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu. Dzina analisunga mpaka imfa yake mu 2020, koma mwini wake ankati maloya anamudyera ndalama zokwana mamiliyoni. Ndipo mbali ina khoti linamupeza wolakwa chifukwa pa webusayiti yake panali zotsatsa malonda a magalimoto.

Nditawerenga pamenepo ndinathamangira kutsegula yathu. Mtima unagunda. Chisiyireni kulipira hosting, malo osungirako webusayiti, kampani yomwe ndinalembetsako dzina inkaikapo yokha zotsatsa, ndipo ziwiri zinali za katundu wofanana ndi wa anthu ondilembera aja. Sindinalandirepo ngakhale tambala, koma wolemba dandaulo angangojambula tsambalo n'kunena kuti ndikudyera dzina lawo. Ndinazichotsa tsiku lomwelo n'kubwezeretsa zithunzi za mabotolo.

Kugulitsa domain pakokha si mlandu ayi. Bungwe la alimi la American Farm Bureau Federation linagulitsa fb.com kwa Facebook mu 2010 pa mtengo womwe akuti unali madola 8.5 miliyoni, popanda wolitcha wakuba, chifukwa zilembozo zinali zawo kalekale. Nkhani imagona pa zomwe ungasonyeze za tsiku limene unalembetsa. Choncho sabata yonse ndinali wofukula zakale: risiti ya 2017, malebulo otsala m'kabati ya mayi, mauthenga a makasitomala pa WhatsApp, ndi zithunzi za webusayiti yathu zomwe Wayback Machine, webusayiti yosunga masamba akale a pa intaneti, inasunga. Ku America kulinso lamulo la 1999 lotchedwa ACPA, lolola khoti kulipiritsa munthu madola 1,000 mpaka 100,000 pa dzina limodzi. Kundipeza kuno n'kovuta, koma kaundula wa .com ali m'manja mwa kampani ya Verisign ku Virginia, ku America konko, ndipo lamulolo limalola kusumira dzina lenilenilo kumeneko mwini wake ali kutali.

Yankho lomwe tinalemba ndi mnzanga uja linali la mizere inayi. Dzinali ndi la bizinesi ya uchi kuyambira 2017. Sitinaliike pa malonda. Ngati kampani yanu ili ndi maganizo, ilembe yokha, ndi dzina lake ndi mtengo wake. Anandiuzanso kuti zikadzafika pogulitsa, ndalama zidzadutse kwa mkhalapakati wonga Escrow.com, ndipo pepala la mgwirizano lidzanene kuti sadzandisumiranso pa za m'mbuyo.

Papita masabata atatu, ali chete. Msuweni akuti ndathawitsa mwayi ndipo moni akuyankha mokoka. Loweruka ndinapita ku Ntchisi kukawafotokozera mayi. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusenda nthochi.

"Ndiye azunguwo akagula, uchi wanga ndizidzautcha chiyani?"

"Mayi, uchi wake uti? Ming'oma inagwa kale."

"Iwiri ikadalipo kuseri kwa dimba. Iwe bwera ndi mabotolo mwezi wamawa."